Thukuta lomwe silinalowe m'kaundula

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali ndi chitini cha mabisiketi chomwe chinkakhala kunsi kwa bedi kwathu ku Lirangwe. Mabisiketiwo palibe mdzukulu amene anawalawa. M'chitinimo munali mapepala okhaokha: chiphaso chokhala ndi nambala yaitali, chithunzi chawo ali mnyamata wometa bwino, ndi timalisiti tofiira ndi ukalamba tomwe ankatimanga ndi kalabala ka chubu cha njinga. Anapita ku Joni kawiri kukakumba golide, ulendo womaliza n'kubwerako chaka cha 1974 chisanafike, chaka chomwe ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita kumigodi. Anabwera ndi njinga, wailesi, jekete lolemera ngati thumba la chimanga, ndalama zogulira malata, komanso chifuwa chomwe anakhala nacho mpaka tsiku lomwe tinawaperekeza kumanda. Mphekesera ikangomveka kuti ndalama za anthu a kutheba zatuluka, ankapukuta chitinicho, kuvala jekete lija ngakhale kunja kukhale kotentha, n'kukwera basi kupita m'tauni. Madzulo ankabwera ndi buledi mmodzi, osayankhula zambiri, chitini n'kubwerera kunsi kwa bedi.

Agogo aakazi alipobe. Zaka zawo zenizeni sitizidziwa, iwo amangoti pa njala ya 1949 anali kamtsikana kotha kunyamula kamtsuko. Iwowa alibe chitini. Zaka zonse zomwe amuna awo anali pansi pa nthaka ku Joni, iwo anali pamwamba pa nthaka ku Lirangwe ndi khasu, kulima, kupalira, kubandira, kusinja, kulera ana asanu ndi mmodzi, kenako adzukulu anayi omwe makolo awo anatengedwa ndi matenda aja a m'zaka za m'ma 1990. Ngati ntchito imayezedwa ndi thukuta, agogo aakazi anagwira yoposa ya amuna awo. Koma palibe kalaliki amene anakhalapo ndi cholembera n'kulemba kuti lero mayi uyu wagwira maola khumi. Lero amadya zomwe ife tatumiza pa foni mwezi ukatha, ndi zomwe kamunda ka kuseri kwa nyumba kawapatsa mvula ikakhala kuti yachita chifundo.

Ndakhala ndikuwaganizira awiriwa chifukwa cha chithunzi chomwe ndinachiona pa intaneti usiku wina tulo titandithawa. Gogo wina wopindika msana, chipewa kumutu, akukankha ngolo yodzaza makatoni mpaka kupitirira msinkhu wake. Kumbuyo kwake kunali nyumba zosanjikizana zagalasi ndi magalimoto onyezimira. Mawu a pansi pake ankati ndi ku Seoul, likulu la South Korea. Ndinayang'ana foni yomwe ndinaigwira m'manja, ya Samsung, yochokera ku dziko lomwelo. Ine m'maganizo mwanga dziko lopanga mafoni, sitima zapamadzi ndi magalimoto a Hyundai silingakhale ndi gogo wotola makatoni kuti adye. Ndinayamba kufufuza ngati munthu amene wanamizidwa ndipo akufuna kudziwa kuti wamunamiza ndani.

Sindinanamizidwe. Boma la dzikolo lenilenilo linawerenga m'chaka cha 2023 n'kupeza kuti okalamba pafupifupi 42,000 amatola mapepala ndi makatoni n'kumagulitsa, ndipo ukaphatikiza zaka zawo n'kugawa, zimagwera pa 76. Bungwe la OECD, lomwe mamembala ake ambiri ndi mayiko olemera, limasonyeza kuti ku South Korea okalamba pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi osauka, chiwerengero chachikulu kuposa dziko lina lililonse m'bungwelo. Mayiko onse a m'bungwemo ukawaphatikiza, chiwerengerocho chimakhala pafupifupi 14 pa 100. Pamafunika kumvetsa muyezo womwe akugwiritsa ntchito, chifukwa siwofanana ndi wa kwathu kuno. Amandandalika anthu onse a m'dziko pamzere, kuyambira wopeza zochepa mpaka wopeza zambiri, n'kutenga munthu amene waima pakati penipeni. Aliyense amene amapeza zosakwana theka la zomwe wapakatiyo amapeza, ameneyo ndiye wosauka. Choncho gogo wa ku Seoul akhoza kukhala ndi magetsi ndi madzi a pampopi, ena ali ndi nyumba zawozawo zomwe muyezowu suziwerengera. Koma renti, mankhwala ndi mpunga amagula pa mitengo ya ku Seoul, osati ya ku Lunzu. Munthu wa zaka 76 sadzuka usiku m'nyengo ya chisanu kukakankha ngolo chifukwa chofuna kuwongola miyendo.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti anthu amenewa ndi omwe analimanga dzikolo. Anabadwa dziko lili m'manja mwa Japan kapena nkhondo ya 1950 mpaka 1953 ili mkati. Cha m'ma 1960, South Korea inali yosauka ngati mayiko ambiri a mu Africa. Nawonso anali ndi Joni wawo: kuyambira mu 1963 anyamata ankatumizidwa ku migodi ya malasha ku West Germany, atsikana kukagwira unamwino komweko, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ena anakhamukira ku mayiko a Aluya kukamanga misewu. Otsala kumudzi ankasoka zovala m'mafakitale usana ndi usiku. Koma thumba la penshoni ya dziko lonse linayamba mochedwa, mu 1988, ndipo linafikira anthu onse mu 1999. Munthu amene anayamba ntchito mu 1965 anali atatha kale mphamvu zake zambiri buku lisanatsekulidwe. Kenako mavuto a zachuma a 1997 anachotsa anthu ambiri pantchito asanafike pokalamba, ena n'kutenga kandalama komwe anapatsidwa kukatsekulira timalo togulitsira nkhuku yokazinga tomwe tambiri sitinakhalitse. Panopa boma limapereka kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa okalamba 70 pa 100 alionse, koposa pang'ono ma won 300,000. Kamathandiza, koma sikakwanira moyo wa mumzinda.

Nanga ana awo ali kuti? Funso limeneli ndi lomwe Mmalawi aliyense angafunse, ndipo inenso ndinalifunsa ndi kamtima kodzitama, ngati kuti ife zotere sizingatichitikire. Anthu a ku Korea ankakhulupirira zomwe ifenso timakhulupirira, kuti ana ndi chuma. Ulemu kwa makolo kumeneko ndi nkhani yaikulu mwina kuposa kwathu. Makolo ankagulitsa ng'ombe ndi minda kuti mwana apite ku yunivesite, podziwa kuti mwanayo ndiye nkhokwe ya mawa. Mu 1998, ofufuza a boma atafunsa kuti ndani ayenera kusamalira makolo okalamba, anthu pafupifupi 9 mwa 10 anayankha kuti ndi banja. Patapita zaka 20, oyankha choncho sanakwane 3 mwa 10. Anawo sanasanduke afiti. Anasamukira m'tauni, m'tinyumba ting'onoting'ono todula, ali ndi ngongole ndi fizi ya ana awo. Chikhalidwe chomwe chinakhala zaka mazanamazana chinaphwasuka m'zaka za m'badwo umodzi, ndipo boma linali lisanamange china choti chilowe m'malo mwake. Okalambawo anagwera pakati, ngati munthu amene wasiya bwato lakale latsopano lisanafike pagombe.

Apa ndinazimitsa foni n'kukhala chete mumdima. Pa WhatsApp tili ndi gulu la adzukulu a agogo, tilipo khumi ndi atatu. Otumiza ndalama mwezi uliwonse tilipo anayi. Ena amatumiza chithunzi cha manja opemphera. Sindikuwanyoza, chifukwa ndikudziwa kuti wina ali pa kabaza ku Ndirande, wina akugulitsa kaunjika, wina digiri ili m'sutikesi chaka chachisanu tsopano. Inenso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinatumiza ndalama zomwezo za masiku onse, koma agogo anagula theka la zomwe ankagula. Timati njovu siilemedwa ndi minyanga yake. Amene ananena mwambiwu sankalipira renti ku Area 25. Ndipo ine ndili ndi ana awiri okha. Agogo anabereka asanu ndi mmodzi, adzukulu khumi ndi atatu, koma owadyetsa ndi anayi. Ndikawerengetsa za ine mwini pa muyezo womwewo, ndimapeza kuti ndidzadyetsedwa ndi theka la munthu.

Kulemera kwa dziko sikumene kumagamula nkhaniyi. Ku Denmark, Norway, Iceland ndi France, okalamba osauka pa muyezo wa OECD uja ali cha m'ma 5 pa 100 kapena kucheperapo. Ku Japan ali pafupifupi 20 pa 100, ndipo atolankhani akhala akulemba za agogo aakazi omwe amaba dala tinthu ting'onoting'ono m'sitolo kuti akalowe kundende, komwe kuli chakudya katatu pa tsiku, dokotala ndi anthu ocheza nawo. Ku America ali oposa 20 pa 100 pa muyezo womwewo. Onsewa ndi mayiko olemera. Kusiyana kwake kuli pa zomwe dziko lililonse linasankha: ena anaika pansi ndalama yoti wokalamba aliyense alandire posayang'ana kuti ankagwira ntchito yanji, ena anati udzakolola molingana ndi zomwe zinalembedwa pa dzina lako.

Nkhani ya ku America ndiyo inandiphunzitsa kuti mtundu wa munthu umalowa bwanji m'masamu amenewa. Mu 1935, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lomwe linakhazikitsa Social Security, thumba lomwe wantchito ndi bwana wake amaponyamo ndalama kuti wantchitoyo adzalandire akakalamba. Munthu woyamba kulandira cheke cha mwezi ndi mwezi anali mayi Ida May Fuller a ku Vermont, mu Januwale 1940. Anali mlembi mu ofesi ya maloya. Anaponyamo madola 24.75 okha m'zaka zitatu, cheke chawo choyamba chinali cha madola 22.54, anakhala ndi moyo mpaka zaka 100, ndipo pomwalira anali atalandira madola oposa 22,000. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa imasonyeza mphamvu ya kungolembedwa m'buku. Ndondomekoyi inagwiradi ntchito: mu 1959, pa muyezo wa boma la America lenilenilo, okalamba 35 pa 100 anali osauka, lero ali cha m'ma 10 pa 100.

Koma lamulo la 1935 lija linasiya kunja magulu awiri akuluakulu, antchito a m'minda ndi antchito a pakhomo. M'masiku amenewo anthu akuda pafupifupi awiri mwa atatu alionse ogwira ntchito anali m'magulu awiriwa, kuthyola thonje m'minda ya kummwera, kuchapa ndi kulera ana m'nyumba za azungu. Lamulolo silinatchule khungu la munthu paliponse. Akatswiri a mbiri yakale mpaka pano amatsutsana. Ena amati aphungu achizungu a zigawo za kummwera ndiwo anakakamiza zimenezi kuti antchito awo asakhale ndi kothawira. Ena amati boma linkangoona kuti kutolera msonkho kwa munthu wolipidwa pamanja kukhala kovuta. Ine ndimaona kuti kwa mayi amene anachapa zovala za eni ake zaka 40, mkanganowu ulibe phindu, mbale yake inali yopanda kanthu mulimonsemo. Magulu amenewa anadzalowetsedwa mu 1950 ndi 1954, koma zaka zotayika sizibwezedwa, ndipo kholo lomwe lakalamba lopanda kanthu limadya zomwe mwana akanasunga. Lero wokalamba wakuda kapena wochokera ku mabanja olankhula Chisipanishi ku America ali ndi mwayi wokhala wosauka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mzungu. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo wa 2022 anapeza kuti banja lapakati la azungu lili ndi chuma cha madola pafupifupi 285,000, pomwe la anthu akuda lili ndi pafupifupi 45,000.

Pali nkhanza ina yobisika yomwe sindinkaiganizira. Penshoni imapindulira amene wakhala ndi moyo nthawi yaitali. Ku America komweko ofufuza anapeza mu 2016 kuti amuna olemera kwambiri amakhala zaka pafupifupi 15 kuposa amuna osaukitsitsa. Wosauka amayamba ntchito ali wamng'ono, amaponya m'thumba zaka zambiri, n'kumwalira atangolawa. Boma likakweza zaka zopumira pantchito, wa muofesi amadandaula pang'ono, koma wonyamula simenti ndiye amalipira ndi thupi lake. Amayi nawo, pafupifupi kulikonse, amakhala nthawi yaitali kuposa abambo koma ndi ndalama zochepa. M'mayiko a OECD penshoni ya amayi imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi ya abambo, chifukwa zaka zomwe mayi anali kulera ana ndi kudwazika odwala, buku limaziona ngati zaka zomwe anangokhala.

Nditawerenga za lamulo la 1935, ndinapita kukaona lathu, ndipo ndinaseka kuseka kopanda chimwemwe. Lamulo la penshoni la Malawi la 2011 linakakamiza mabwana kuponya 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro. Chinali chinthu chabwino. Koma pa mndandanda wa omwe sanakakamizidwe kulowamo panali antchito a pakhomo, matenanti ndi antchito olembedwa pa nyengo. Zaka 76 pambuyo pa Roosevelt, kutsidya lina la dziko lapansi, anthu otsala kunja kwa mpanda anali omwewo, wa khasu ndi wa tsache. Mlimi wa kumudzi, wa ganyu, wa geni pamsika, amenewo ndiye sitikuwatchula n'komwe, ngakhale kuti ndiwo Amalawi ambiri. Ndiulule pano kuti mtsikana amene amatithandiza pakhomo pathu sindimusungira kalikonse ka mawa. Ndimamupatsa zake mwezi ukatha, ndimamugulira chitenje pa Khirisimasi, n'kumadziona ngati bwana wabwino.

Ku South Africa sanachite kubisa m'mawu ozungulira. Penshoni ya boma ya okalamba inayamba mu 1928 ya azungu ndi makaladi okha. Anthu akuda anawalowetsa mu 1944, koma pa ndalama yochepa kwambiri, ndipo malipirowo anadzafanana mu 1993, tsankho litatsala pang'ono kugwa. Zipsera zake zikuonekabe: ofesi ya boma yowerengera anthu inapeza kuti mu 2015 anthu akuda 64 pa 100 anali pansi pa mzere wa umphawi, makaladi 41, amwenye 6, azungu mmodzi yekha pa 100. Komabe kufananitsa penshoni kuja kunachita zinthu zomwe ambiri sankayembekezera. Mwadzidzidzi agogo a kumidzi ya ku Eastern Cape ndi Limpopo anayamba kulandira ndalama yoposa zomwe anthu ambiri a m'mudzimo ankapeza. Katswiri wa zachuma Esther Duflo, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019, anafufuza za ana okhala m'makomo amenewa. Anapeza kuti pomwe wolandira penshoni anali gogo wamkazi, adzukulu aakazi ankanenepa ndi kutalika bwino kuposa anzawo. Pomwe wolandira anali gogo wamwamuna, kusinthako sikunaoneke. Agogo anga aamuna andikhululukire komwe aliko, koma zimenezi sizinandidabwitse. Lero ndalamayi imaposa ma rand 2,000 pa mwezi kwa wa zaka 60 kupita m'tsogolo amene alibe chuma, ndipo makomo ambiri kumeneko amapuma tsiku lomwe gogo walandira.

Abale athu omwe ali ku Joni lero asadzinamize nazo. Ndalamayi ndi ya nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mnyamata wa ku Mangochi kapena Mzimba amene akusamalira maluwa kwa bwana ku Johannesburg wopanda mapepala akugwira ntchito yomwe sikulowa m'buku la dziko lililonse. Tili nacho kale chitsanzo cha komwe njira imeneyi imakathera. Ku Zimbabwe kuli zidzukulu za anthu a ku Nyasaland omwe anapita kukagwira m'mafamu ndi m'migodi, matchona omwe sanabwerere. Ambiri anakalambira m'makomboni a pafamu opanda mudzi wawowawo. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ntchito ndi nyumba zinathera limodzi, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri a iwo akutchedwa alendo m'dziko lomwe anabadwira. Omwe anali ndi penshoni ya kumgodi anaiona ikusungunuka ndi kukwera kwa mitengo kwa 2008, mpaka ndalama ya zaka 30 osakwana kugula buledi. Kulembedwa m'buku nakonso sikupulumutsa ngati ndalama ya dzikolo yasanduka pepala. Ndipo kwa azakhali athu osamalira okalamba ku Manchester ndi Leeds, omwe amalota zodzapumira kunyanja, pali kamsampha kena: penshoni ya boma la Britain imafuna zaka zosachepera 10 zoponya kuti ulandire kalikonse, 35 kuti ulandire yonse, ndipo ukasamukira ku dziko ngati Malawi imaima pa mlingo womwe unayambira, siikwezedwanso chaka ndi chaka ngati ya wotsala komweko.

Kwina konse nkhani ndi yomweyi, mayina okha ndiwo amasintha. Ku Ulaya, kafukufuku wa 2021 anapeza kuti anthu a mtundu wa Roma, omwe ena amawatcha ma Gypsy, 80 pa 100 ali pa chiopsezo cha umphawi. Ku Britain, pafupifupi theka la anthu a m'mabanja ochokera ku Bangladesh ndi Pakistan ndi osauka. Mitundu yomwe inapezeka kale m'mayiko atsamunda asanafike ndi anthu pafupifupi 6 pa 100 a dziko lapansi, koma pakati pa osaukitsitsa ndi pafupifupi 19 pa 100. Ku China mpanda sunamangidwe pa khungu koma pa kaundula wa komwe unabadwira: wopuma pantchito ya m'tauni amalandira ma yuan oposa 3,000 pa mwezi, mlimi wokalamba cha m'ma 200. Bungwe loona za antchito padziko lonse la ILO limati padziko lonse okalamba pafupifupi 8 mwa 10 amalandira penshoni ya mtundu wina wake, koma kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu.

Mayiko ngati lathu amayezedwa ndi muyezo wina, wa World Bank, womwe mu 2025 unakwezedwa kuchoka pa madola 2.15 kufika pa madola 3 pa munthu pa tsiku. Pa muyezo wa boma lathu, kafukufuku wa 2019 ndi 2020 anapeza kuti Amalawi oposa theka pang'ono ndi osauka. Apa pali chinthu chomwe ndiyenera kuvomereza ngakhale chikusokoneza mfundo yanga. Ziwerengero za mayiko osauka sizisonyeza kuti okalamba ndiwo osauka kuposa onse. Ana ndiwo ambiri, pafupifupi theka la osaukitsitsa padziko lonse. Nduna ya zachuma yomwe ili ndi kwacha imodzi yokha ikhoza kunena kuti ipite ku phala la kusukulu, ndipo sindingaitche yoipa mtima. Koma pali zomwe ziwerengerozo siziona. Wofufuza amafika pakhomo, kufunsa zomwe banja lonse ladya sabata imeneyo, n'kugawa mofanana ndi chiwerengero cha anthu, ngati kuti ntanda uliwonse wa nsima umafanana. Saona kuti gogo wa m'kanyumba ka kuseri amalandira mbale yake pomalizira, kapena kuti amaibisa n'kupatsa kamdzukulu kobwera kusukulu. Ndipo m'makomo momwe mwatsala agogo ndi adzukulu okha, m'badwo wapakati utapita kumanda kapena ku Joni, umphawi wa mwana ndi wa gogo ndi umodzi womwewo, umaphikidwa mu mphika umodzi.

Timakonda kunena kuti dziko losauka silingakwanitse kulipira wokalamba aliyense. Botswana inayamba mu 1996, mwina tinene kuti ali ndi diamondi. Nanga Lesotho, yomwe mu 2004 inayamba kulipira aliyense wa zaka 70 ndi ndalama zakezake? Nepal inayamba mu 1995. Zanzibar inayamba mu 2016 ndi mashilingi 20,000 pa mwezi. Ngakhale kwa abale athu Achewa ku Katete, ku Zambia, anayesapo kuyambira mu 2007 kupatsa kandalama munthu aliyense wa zaka 60 m'madera ena a bomalo. Ife tili ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imasankha makomo pafupifupi 10 pa 100 osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Yathandiza ambiri, ndipo ambiri mwa olandira ndi okalamba. Koma m'mudzi momwe pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha khomo limodzi mwa khumi kumabala nsanje ndi manong'onong'o. Agogo anga sali pa mndandanda, ndipo chifukwa chake ndikuchimvetsa: nyumba yawo ndi ya malata, malata omwe aja a ndalama za ku Joni, odontha tsopano, komanso ali ndi mdzukulu wogwira ntchito ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Ndi poyambira, koma agogo sanaonebe kusintha m'mbale mwawo. Anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo m'dziko muno ndi pafupifupi 5 pa 100 okha. Kunena kuti sitingakwanitse kuwagulira ngakhale sopo ndi mchere, pomwe tikukwanitsa zina zomwe tonse timaziona zikudutsa pamsewu ndi masaireni, ine sindikhulupirira.

Pali mtengo wina womwe wokalamba wosauka amalipira kwathu kuno womwe sulowa m'ziwerengero. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti. Nkhani zotere timazimva chaka ndi chaka. Sindinamvepo gogo wolandira penshoni ya uphunzitsi, wokhala m'nyumba ya mpanda, akugendedwa kuti ndi mfiti. Mfiti nthawi zonse imakhala yosauka, ya maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, yomwe yasanduka katundu kwa abale kapena yakhalira munda womwe ena akuufuna. Gogo amene amalandira kanthu mwezi ukatha adzukulu amamusesera pakhomo.

Mwezi wathawu ndinapita ku Lirangwe ndi shuga, sopo ndi mafuta opaka. Ndinawapeza agogo atakhala pamkeka akusola nandolo. Chitini chija chikadalipo kunsi kwa bedi, akuti asachitaye aliyense, mwina tsiku lina adzaitana mayina. Titadya, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha gogo wa ku Seoul. Anachiyandikitsa kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikitsanso.

"Amuna anga, ameneyu ndi mzungu?" Amanditcha choncho kuyambira ndili wakhanda.

"Ayi agogo, ndi wa ku Korea, komwe amapanga mafoni ngati iyi."

"Alibe ana?"

"Mwina ali nawo, koma ali kutali, ali ndi mavuto awo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani ya mnansi wa tsidya la mtsinje. Anayang'anitsitsa ngoloyo nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda pa matayala ake, kenako pa mulu wa makatoni.

"Ngolo yake ndi yabwino," anatero. "Ndiye makatoniwa amagula ndani? Tandifunsireni kuti kilo ndi zingati, pa Lunzu pajatu amangotayidwa."